CHENJEZO: Ufa wa tirigu, ngakhale kapang'ono, si wa munthu wodwala coeliac

Abale, pali mphekesera ikuyenda pa WhatsApp yoti ngati buledi wanu wopanda gluten akunyenyeka mungothiramo kasupuni ka ufa wa tirigu kuti agwirane, ati moto wa mu uvuni umapha gluten. Bodza limenelo, chonde musayese. Gluten si kachilombo koti kafa ndi moto, ndi puloteni yopezeka mu tirigu ndi mbewu zofanana naye za barele ndi rye, muphike mpaka buledi apserere iyo ilimobe.

Mwachidule, coeliac ndi matenda oti chitetezo cha m'thupi chikakumana ndi gluten chimatembenukira matumbo aang'ono nkuwononga tinthu tokhala ngati tiubweya timene timayamwa chakudya. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse. Munthu amatsegula m'mimba pafupipafupi, mimba kutupa, magazi kuchepa, kuonda, mafupa kufooka, mwana amapinimbira. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndi amene anaonetsa m'ma 1940 kuti vuto ndi tirigu, ndipo mpaka lero chithandizo chake ndi chomwecho, kusiya gluten moyo wonse basi.

Nde tiyeni tione za kasupuni kaja. Malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex Alimentarius amati chakudya chitchedwe chopanda gluten pokhapokha isapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Kasupuni kamodzi ka tiyi ka ufa wa tirigu mu kilogalamu ya ufa wa mpunga kadutsa kale malirewo kambirimbiri. Ndipo musamati "anadya dzulo koma sanadwale", ena samva kanthu pomwe matumbo akuwonongeka mkatimo mwakachetechete.

Tikudziwa kuti buledi wake amakhumudwitsa, udula kagawo kamodzi kokha mbale yonse yadzaza nyenyeswa, pakati paliwisi ngati phala. Koma nthawi zina vuto ndi kagayidwe ka ufawo. Ufa wa mpunga ukakhala wamiseremisere sumwa madzi msanga, nchifukwa chake keke wake amamveka ngati mchenga m'mano. Tengani pang'ono mufikise pakati pa zala, ukamakanda ndiye kuti sunalale, usefeninso. Komanso chigayo chikaupera mwankhanza mpaka kutentha, sitachi yambiri imasweka nde imamwa madzi mopitirira, buledi amatuluka wonata komanso wosafufuma. Mpunga woyamba waviikidwa kenako nkugayidwa umapereka ufa wosalala koma sitachi yake yosawonongeka kwambiri. Sakanizani mitundu iwiri itatu, wa mpunga, wa mapira, ndi sitachi ya chinangwa kapena ya mbatatesi, muikemo dzira, psyllium kapena xanthan gum (timaufa tothandiza kuti buledi agwirane) kuti zigwire ntchito imene gluten akanagwira, madzi achulukirepo kusiyana ndi a buledi wamba, ndipo musanaike mu uvuni dikirani mphindi ngati 30 ufa umwe madzi. Njira zake ndi zimenezo, tirigu ayi.

China chomwe anthu amaiwala, ufa ukhoza kukhala wa mpunga weniweni koma ngati wadutsa m'chigayo chomwe chagayanso tirigu, watenga kale gluten. Oats ndiye amakonda kusakanikirana ndi tirigu kuyambira kumunda komwe. Kukhitchini nakonso, sefa imodzi, mthiko umodzi, thabwa lokandirapo lomwelo lili ndi ufa wakale m'ming'alu, ngakhale fumbi la ufa wa tirigu louluka wina akamasefa pambali panu. Kusefa sikuchotsa gluten, timve bwino pamenepa. Wodwala akhale ndi ziwiya zakezake, ufa wake m'chigubu chotseka cholembedwa dzina, ndipo pogula werengani paketi ngati alemba kuti gluten-free.

Amene mukungodzikayikira, musasiye kudya tirigu musanayezetse, kuyeza magazi kofufuza coeliac, kotchedwa tTG-IgA, kukhoza kuonetsa ngati mulibe vuto pomwe lilipo. Pitani kuchipatala kaye, makamaka ngati ndi mwana amene sakukwera sikelo, musadikire mwezi wamawa. Koma amene adokotala anakuuzani kale kuti ndi coeliac, wina akakupatsani keke nkunena kuti "ndangothiramo pang'ono", bwezani mbaleyo.