Pampu ikapopa tsiku loyiyesa, ntchito sinathe

Ambiri kuno ku Lusaka amati pampu ya sola ikatulutsa madzi tsiku loyiyesa, basi zatheka. Si choncho. Pali mitundu iwiri ya kutsimikizira ntchito, imene pa Chingerezi amati verification ndi validation. Verification imafunsa ngati chinthu chapangidwa motsatira zimene zinalembedwa pa pepala la zofunika pa ntchitoyo. Pepala likati malita 1,500 pa ola, ikani chidebe cha malita 20, chidzale m'masekondi 48. Kuyesa kotere ndi njira imodzi chabe ya verification, palinso kuyang'ana ndi maso, kuwerengera ndi kuonetsa chinthucho chikugwira ntchito.

Validation imafunsa funso lina: kodi mabanja a ku Chawama, dera la mu Lusaka, apezadi madzi chaka chonse? Pampu yoyesedwa mu Epulo, madzi apansi akadali pamwamba, ikhoza kukoka mpweya mu Okutobala chitsime chikatsika, mota n'kupsa. Apatu wolakwa si woyika pampuyo. Cholakwika chili pa pepala lomwelo, pamene panalembedwa kuya kochepa koyikapo pampu.