Vuto la chilembo cha ŵ si fonti ayi

Sabata siitha osalandira foni ya munthu akudandaula kuti, "Achimwene, fonti yanga yawonongeka, ndikalemba Malaŵi kukutuluka MalaÅµi." Ndayankha zimenezi mpaka kutopa. Fonti ilibe mlandu. Iyo imangojambula chilembo pa sikirini, koma chomwe chimagona m'fayilo ndi nambala.

Mu Unicode, ndondomeko yomwe imapatsa chilembo chilichonse nambala yake, ŵ wamng'ono ndi U+0175, wamkulu ndi U+0174, ndipo sitili tokha pomugwiritsa ntchito: Atumbuka amamulemba kwambiri, a ku Wales nawonso ali naye. Fayilo ikasungidwa mu UTF-8, imodzi mwa njira zosungira manambalawa, chilembochi chimatenga mabayiti (timagawo tomwe kompyuta imasungiramo zinthu) awiri, C5 ndi B5. Pulogalamu yomwe ikuwerenga mwachikale, mwa Windows-1252, imatenga bayiti iliyonse payokha, C5 n'kukhala Å, B5 n'kukhala µ. Mukaona zimenezi palibe chatayika. Tsekani fayiloyo osasunga, muitsegulenso mutasankha UTF-8.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti ŵ amalembedwa m'njira ziwiri. Pali wobadwa ndi kachipewa kake uja, ndiye pali w wamba wotsatiridwa ndi kachizindikiro kena kapadera, U+0302, komwe kalibe malo akeake pamzere koma kamakwera pamutu pa chilembo chomwe chatsogola. M'maso mwanu n'zofanana ndendende. Kwa kompyuta woyambayo ndi chinthu chimodzi cha mabayiti awiri, wachiwiriyo ndi zinthu ziwiri za mabayiti atatu. N'chifukwa chake mapulogalamu ena amati mawu oti "maŵa" mulibe m'chikalata pomwe inu mukuwaona ali apo, kapenanso dzina la munthu mmodzi limawerengedwa kawiri m'kaundula. Mankhwala ake ndi kusanja zolemba zonse mwa njira yotchedwa NFC, yomwe imalumikiza ziwirizo kukhala U+0175. Amene akukupangirani database (kaundula wa pakompyuta) mumufunse ngati amachita zimenezi. Akayamba kukanda m'mutu, fufuzani wina.

Ndipo musalole munthu kungochotsa tizizindikiro tokwera pamutu tonse ati poyeretsa fayilo. Ena alibe mwayi wathuwu: ka e kakang'ono komwe kamakhala pamwamba pa a, o ndi u m'mabuku akale a Chijeremani, U+0364, kalibe chilembo cholumikiza kale, moti mukakachotsa mwasintha zomwe mlembi analemba.

Koma nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya abambo ena, mphunzitsi wopuma pa ntchito, omwe anakhala zaka akulemba miyambi ndi nthano za kwawo, ŵ aliyense pamalo pake. Fayilo yawo inasungidwa mwa njira yomwe ilibe chilembochi, ndiye paliponse pomwe panali ŵ panabwera chizindikiro chofunsira: Mala?i, ntha?i, ?anthu m'mawu ochepa a Chitumbuka omwe anaikamo. Apa ndiye nambala ija yafufutikadi, komabe ndikanatha kubwezeretsa, chifukwa chofunsira chokhala pakati kapena kumayambiriro kwa liwu chimadziwika kuti ndi ŵ. Iwo anachedwa kubwera. Anayamba apita kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika, yemwe anauza kompyuta kuti isinthe ? aliyense akhale w, n'kusunga pamwamba pa fayilo yomweyo. Mafunso enieni onse anapita nawo limodzi. Ndinatsegula tsamba loyamba n'kupeza kalulu akufunsa fisi kuti "Mukupita kutiw". Mafunsowo tinawabweza, koma kusiyanitsa w wamba ndi ŵ kunatha, ndipo kunali kopanda fayilo ina. Bambowo anakhala pambali panga masiku angapo, magalasi ali pamphuno, akutchula liwu lililonse mokweza kuti amve ngati milomo ikukhudzana pang'ono. Ena mwa mawuwo anawasiya akukayikirabe.

Ngati mumalemba mu Word, lembani U+0175 kenako mudine Alt ndi X pamodzi, ŵ weniweni atuluka. Ndipo fayilo ikangoyamba kuonetsa zachilendo, koperani ina pambali musanaipereke m'manja mwa aliyense, ngakhale mwa ine.