Khola la nkhuku lam'mwamba ndi mpanda wake: mafunso ofunika musanagule misomali

Ambiri timamanga khola la nkhuku poganizira nkhukuzo basi, kuiwala chilombo chomwe chimabwera usiku kudzanunkhiza pozungulira. Mayankho ali m'munsimu akutengera mlimi wa nkhuku 10, zachikuda kapena za Mikolongwe. Amene ali ndi zambiri angochulukitsa miyezo.

Kodi khola lam'mwamba limaposa bwanji lapansi?

Chachikulu n'chakuti zitosi zimagwera pansi kudzera m'mipata ya timitengo, choncho nkhuku sizigona pa ndowe zake. M'dzinja madzi amadutsa kunsi osanyowetsa pogona, ndipo masana kunsiko kumakhala mthunzi ndi pothawira mphamba akatulukira. Galu, fisi kapena khoswe sangakumbire kuti atulukire m'kati monga amachitira ndi khola lapansi. Zitosi zija mumangozikokola n'kukaziika pa mulu wa manyowa. Koma zidikireni ziwolerane kaye, chifukwa zaziwisi zimawotcha ndiwo zamasamba.

Likwere bwanji, nanga likule bwanji?

Mita imodzi kuchokera pansi ndi yokwanira. Mukalifupikitsa kwambiri, kunsiko kumasanduka nyumba ya makoswe ndi njoka, ndipo tsache silifikako. Mukalitalikitsa, mphepo imaligwedeza komanso kutola mazira kumafuna makwerero.

Nkhuku 10 zimakwana m'khola la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, ngati m'menemo zimangogonamo ndi kuikiramo. Mpanda woti zizicheza masana ukhale ndi malo okwana mita imodzi mbali zonse pa nkhuku iliyonse, ndiye kuti mamita 4 m'litali ndi mamita 2 ndi theka m'lifupi. Mtanda wogonapo, nkhuku iliyonse ipatseni masentimita 25. Zisa zikhale za masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa mathadzi 4 kapena 5, ndipo ziikidwe motsikirapo kusiyana ndi mtanda. Nkhuku imakonda kugona pamalo okwera kuposa onse, choncho chisa chikakwera kwambiri mudzapeza mazira ali zitosi zokhazokha.

Ndili ndi waya wa nkhuku kale. Si wokwanira ameneyu?

Apa ndi pomwe ambiri amatayira nkhuku. Waya wa nkhuku, uja wopyapyala wa mauna a ngodya 6, anaupanga kuti nkhuku zisatuluke. Kuletsa chilombo kulowa si ntchito yake. Galu wanjala amaung'amba ndi mano, ndipo ukachita dzimbiri m'munsi umathetheka ngakhale ndi chala. Mauna ake akuluakulu amalola khoswe, njoka yaing'ono ngakhalenso likongwe kudutsa. Vumbwe safunika n'kulowa komwe: amapisa dzanja n'kukoka nkhuku yomwe yagona moyandikira waya, m'mawa inu n'kupeza nthenga ndi mutu.

Wodalirika ndi waya wowotcherera wa mauna ang'onoang'ono, a mamilimita pafupifupi 13. Ndi wodula, palibe chobisa. Ndiye ngati thumba silikulola kuzunguliza paliponse, ugawireni malo atatu: m'mazenera a khola, kunsi kwa timitengo ta pansi pa khola, ndi m'munsi mwa mpanda mpaka masentimita 60 kuchokera pansi. Kumtunda kwa mpanda waya wa nkhuku akhoza kugwira ntchito. Amene alibiretu ndalama ya waya aphatikize nsungwi zong'amba mothithikana kwambiri, kuti chala chokha ndicho chiloweko. Bango ndi mapesi zimaoneka bwino sabata yoyamba, koma galu amangozikankha ndi mutu.

Pokhoma wayayo musadalire timisomali tokhota tokha. Panikizani m'mphepete mwake ndi kathabwa kapena nsungwi n'kukhomerera pamodzi, popeza chilombo sichiyamba pakati, chimayamba kukoka m'mbali.

Nanga zilombo zokumba pansi pa mpanda?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukumba ngalande ya masentimita 30 mpaka 45 kuzungulira mpanda wonse n'kukwiriramo waya choimirira. Yachiwiri, yomwe ine ndimaikonda pa nthaka youma ya katondo, ndi kupinda wayayo pansi n'kumuyala chakunja masentimita 50, kenako n'kumukwirira ndi dothi pang'ono kapena kumusanjikiza miyala. Galu kapena nkhandwe imakumba patsinde penipeni pa mpanda, ikagunda waya imasiya, siganiza zobwerera m'mbuyo kuti ikayambire patali. Njerwa zootcha kapena zidutswa za malata akale zikhoza kulowa m'malo mwa waya m'ngalandemo.

Kumwamba kwa mpanda kutsekedwe nakonso?

Ngati muli ndi anapiye, inde. Mphamba, kabawi ndi khwangwala amatola mwanapiye masanasana inu mukuona. Ukonde wakale wophera nsomba kapena waya wa nkhuku amakwana poletsa mbalame. Komabe ukonde suletsa vumbwe kapena mphaka, omwe amakwera mpanda mosavuta, n'chifukwa chake usiku nkhuku zonse ziyenera kulowa m'khola lam'mwamba n'kutsekeredwa. Yang'ananinso nthambi za mtengo zomwe zikulendewera pamwamba pa mpanda n'kuzisadza.

Makoswe ndi njoka sizingakwere m'miyendo ya khola?

Zimakwera. Chitani monga amachitira pa nkhokwe yotetezedwa: dulani lata n'kulipinda ngati chipewa choyang'ana pansi, n'kuliveka pa mwendo uliwonse chakumtunda. Makwerero a nkhuku akhale ochotseka, muziwachotsa madzulo, apo ayi zipewa zija zilibe phindu. Lambulani udzu kuzungulira khola, ndipo musasiye madeya m'chodyera usiku. Madeya amaitana makoswe, makoswe amaitana njoka. Mazira nawo atoledwe tsiku lililonse, kupatula omwe thadzi likukhalira masiku ake 21, chifukwa ng'azi ikangozolowera sisiya.

Linthumbu ndi vuto lina lomwe waya sangalithetse. Phulusa lowaza mozungulira tsinde la mwendo uliwonse limathandiza, makamaka nthawi ya mvula pomwe linthumbu limayendayenda. Miyendoyo ikhale ya mtengo wolimba kapena bulugamu wothira mankhwala a chiswe, ndipo ndi bwino kuikhazika pa mwala kapena pa simenti kuti isaole msanga.

Chitseko chikhale chotani?

Chothina bwino, chosasiya mpata kunsi kapena m'mbali, ndiponso chokhala ndi loko. Kachingwe kapena msomali wokhota sizokwanira. Tinene zoona, chilombo china chimayenda ndi miyendo iwiri ndipo chimachuluka Khirisimasi ikayandikira. N'chifukwa chake khola lisakhale kutali ndi nyumba moti simungamve nkhuku zikamalira. Pakhalenso munthu mmodzi pakhomopo amene ntchito yotseka madzulo ndi yake, chifukwa ikakhala ya aliyense, tsiku lina aliyense adzaganiza kuti mnzake watseka.

Ndikatseka chonchi, nkhuku sizibanika?

Zibanika ngati mwaiwala mpweya. Siyani mpata wotchinga ndi waya kumtunda kwa makoma, kunsi kwa denga, kuti fungo la zitosi lizituluka koma mphepo isamawombe nkhuku pa mtanda. Mbali yomwe kumachokera mwera mu June ndi July ikhale yotsekeka. Denga la udzu limazizira bwino mu October koma limasunga tizilombo. La malata limatentha, choncho ena amayala udzu pamwamba pake. Lililonse litulukire kunja masentimita ngati 40 kuti mvula isamenye m'kati.

Kodi khola lotere limatetezanso ku chitopa?

Ayi. Limachepetsa utitiri, njoka zam'mimba ndi matenda obwera ndi chinyezi, koma chitopa chimadutsa pa waya aliyense. Chimenechi chimafuna katemera, monga wa I-2 uja wodonthezera kadontho kamodzi m'diso, wobwereza miyezi 4 iliyonse. Alangizi a ziweto a m'dera lanu ndi amene angakuuzeni nthawi yomwe akutemera. Nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ku ukwati isalowe m'kholamo tsiku lomwelo. Ikhale payokha m'chitete kapena m'kakhola kena kwa masabata awiri, mukuiyang'anira ngati ikusinza kapena kutsegula m'mimba.