Mkangano wakale wa kulipira pachipatala cha boma

Mwana akatentha thupi usiku, mayi amene akudziwa kuti pawindo la chipatala akamufunsa ndalama sanyamuka nthawi yomweyo. Amayamba wawerengera kaye zomwe ali nazo. Amamumwetsa theka la piritsi lomwe linatsala ulendo wina, n'kudikira kuti mwina kukacha apezako bwino. Tsiku lachiwiri amadikiranso. Lachitatu, mwana atayamba kukomoka, m'pamene amakakongola kwa mnansi n'kuuyamba ulendo. Anamwino amene anagwirapo ntchito m'zipatala zolipiritsa amadziwa kuti odwala oterewa amafika matenda atakula kale, pomwe mankhwala otsika mtengo sangathandizenso.

Koma tisafulumire kunena kuti amene anayambitsa zolipiritsa anali anthu ouma mtima. Ambiri mwa iwo ankafuna kuthetsa vuto la zipatala zopanda mankhwala, lomwe nalonso linkapha anthu.

Mu Sepitembala 1978, nthumwi za mayiko 134 zinakumana mumzinda wa Alma-Ata, womwe lero umatchedwa Almaty ku Kazakhstan, pa msonkhano womwe anakonza mabungwe a WHO ndi UNICEF. Mkulu wa WHO nthawi imeneyo anali Halfdan Mahler wa ku Denmark, yemwe anagwirapo ntchito yolimbana ndi chifuwa chachikulu ku India. Mgwirizano wa kumeneko unati umoyo wabwino ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo pofika chaka cha 2000 aliyense adzakhale ndi chithandizo pafupi ndi kwawo. Mayiko ambiri omwe anali atangolandira ufulu wodzilamulira anatengera kwa atsamunda zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, pomwe anthu ochuluka ankakhala kumidzi, mtunda wa tsiku lonse kuchokera kwa dokotala. Ku Alma-Ata anagwirizana zoti ndalama zizipita ku zipatala zing'onozing'ono, ku madzi aukhondo, ku katemera ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi, potengera chitsanzo cha China, komwe alimi ophunzitsidwa kwa miyezi yochepa ankathandiza odwala m'midzi mwawo.

Chaka chotsatira, akatswiri awiri, Julia Walsh ndi Kenneth Warren, analemba mu 1979 kuti lonjezo limeneli n'lokwera mtengo kwambiri, ndipo ndi bwino kusankha matenda ochepa omwe amapha ana ambiri n'kulimbana nawo kaye. UNICEF, motsogozedwa ndi James Grant, inatsata njira imeneyi. Inalimbikitsa sikelo ya ana, madzi a mchere ndi shuga kwa mwana wotsegula m'mimba, kuyamwitsa ndi katemera. Ana ambiri anapulumuka, koma nkhani yomanga chipatala chothandiza munthu pa vuto lililonse inaikidwa pambali.

Kenako chuma chinagwa. Mafuta anakweranso mtengo mu 1979, chiwongoladzanja pa ngongole chinakwera, mitengo ya khofi, koko ndi mkuwa inatsika. Mu 1982 dziko la Mexico linalephera kubweza ngongole, ndipo vuto linafalikira. Maboma omwe anapita kukapempha thandizo ku IMF ndi ku World Bank anauzidwa kuti achepetse ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito. Zipatala zinali zaulere pa pepala, koma ukafika unkapeza namwino amene sanalandire malipiro miyezi ingapo, firiji ya katemera yakufa, ndipo mankhwala kulibe.

Mu 1987 World Bank inatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti odwala azilipirako pa zipatala za boma. Mu Sepitembala chaka chomwecho, nduna za zaumoyo za mu Africa zinakumana ku Bamako, likulu la Mali, n'kuvomereza ndondomeko yomwe Grant anabwera nayo. Ndondomeko ya Bamako inkaoneka yanzeru. Chipatala cha kumudzi chipatsidwe mankhwala oyambira, chiziwagulitsa ndi kaphindu kochepa, ndalamazo zikhale pomwepo m'manja mwa komiti ya anthu a m'deralo, zigulirenso mankhwala ena. Oikira kumbuyo ankati anthu akulipira kale kwa asing'anga ndi kwa ogulitsa mapiritsi pamsika, nanga bwanji osalipira pamalo pomwe pali mankhwala enieni? Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mankhwala ogula omwe alipo ankaoneka abwino kuposa aulere omwe kulibe. Ndipo ku Benin ndi ku Guinea zipatala zambiri zomwe zinali zitafa zinadzukadi, katemera n'kuyamba kufikira ana ambiri.

Kwina zinthu sizinayende choncho. Ku Ghana, komwe mitengo ya m'zipatala inakwezedwa mu 1985, dongosololi linadzatchuka ndi dzina loti "cash and carry", ngati sitolo, chifukwa wopanda ndalama sankathandizidwa. Ku Kenya zolipiritsa zinayamba mu Disembala 1989, ndipo anthu opita kuchipatala anachepa moti mu Sepitembala 1990 boma linaimitsa ndalama ya pakhomo, ngakhale linadzaibwezeretsa mwa njira ina mu 1992. Ku kiliniki ya matenda opatsirana pogonana ku Nairobi odwala anachepa pa nthawi yomwe kachilombo ka HIV kankafalikira kwambiri. Anthu amenewo sanachire, anangosiya kubwera, ndipo matenda anapitiriza kuyenda nawo.

Malamulo ankanena kuti osaukitsitsa asamalipire, koma pawindo zimenezi zinkavuta. Kalaliki amene akudziwa kuti ndalama zomwe watolera ndizo zigulire mankhwala a mwezi wamawa, kapena ziwonjezere kangachepe pa malipiro ake, alibe chifukwa chofunira kukhululukira munthu. Wodwala naye ayenera kuima pamzere n'kulengeza umphawi wake anthu akumva, ndipo ambiri ankangosankha kukhala kunyumba. Ndalama zotoleredwazo zinalinso zochepa. Akatswiri atawerengera m'mayiko a mu Africa anapeza kuti kawirikawiri zinkangokwana pafupifupi 5 peresenti ya ndalama zoyendetsera ntchito za umoyo, tisanachotsepo zolipira otolera ndi zosindikizira malisiti.

Panali mfundo ina yomwe mpaka lero imamveka m'maofesi, yoti munthu sasamala chinthu chaulere, ndipo akalipirako pang'ono amachilemekeza. Mfundoyi inayesedwa ku Busia, kumadzulo kwa Kenya, komwe akatswiri a zachuma Michael Kremer ndi Edward Miguel ankafufuza za mankhwala a njoka za m'mimba m'sukulu. Pomwe mankhwala anali aulere, ana 75 mwa 100 aliwonse ankamwa. Ataikapo kandalama kochepa, anatsala 19. Ndipo sikuti makolo a ana odwala kwambiri ndiwo ankalipira kuposa enawo.

Zinthu zinayamba kutembenuka, makamaka chifukwa cha ndale. Nelson Mandela atangolowa m'boma mu 1994 analengeza kuti amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere ku South Africa. Koma dziko lomwe aliyense amatchula pa mkanganowu ndi Uganda. Mu Malichi 2001, kutatsala masiku ochepa kuti kuchitike chisankho, Yoweri Museveni anachotsa zolipiritsa m'zipatala za boma, kupatula m'mawodi a olipira. Ena anati ndi kampeni chabe, ndipo mwina sankanama. Komabe mizere inatalika nthawi yomweyo, ndipo ambiri mwa obwera kumenewo anali osauka, anthu omwe kwa zaka zonsezo ankangodwalira kunyumba. Boma linawonjezera ndalama za mankhwala, koma sizinafanane ndi kuchuluka kwa odwala. Posakhalitsa namwino anayamba kulemba dzina la mankhwala pa kapepala n'kuuza wodwala kuti akagule kufamase. Kafukufuku wa akatswiri a WHO anapeza kuti ngakhale osauka ankapita kuchipatala mochuluka, mabanja osauka omwe ankagwa m'mavuto aakulu a ndalama chifukwa cha matenda sanachepe. Ndalama yomwe kale inkaperekedwa pawindo la chipatala tsopano inkakaperekedwa kutsidya kwa msewu.

Apa mbali zonse ziwiri zinapeza chonena, ndipo ine ndimaona kuti iliyonse imangotchula theka la nkhani ya Uganda lomwe likuikomera.

Ku Zambia boma la Levy Mwanawasa linachotsa zolipiritsa m'madera akumidzi mu Epulo 2006. Ku Burundi, komwe zipatala zinkatsekera odwala olephera kulipira, kuphatikizapo amayi ochitidwa opaleshoni pobereka, Pulezidenti Pierre Nkurunziza analengeza mu Meyi 2006 kuti kubereka ndi chithandizo cha ana osakwana zaka 5 zikhala zaulere. Analengeza mwadzidzidzi, zipatala zisanakonzekere, ndipo zinadzaza, zipangizo n'kutha, ngongole n'kuunjikana poyembekezera kuti boma libweze ndalama. Sierra Leone inaphunzirapo. Isanayambe chithandizo chaulere cha amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono pa 27 Epulo 2010, boma la Ernest Bai Koroma, mothandizidwa ndi Britain, linayamba lakweza malipiro a ogwira ntchito m'zipatala, kufufuta maina a anthu ongopeka pa mndandanda wa olandira malipiro, ndi kugula mankhwala. Ankadziwa kuti namwino wanjala akamuletsa kutolera ndalama poyera, adzaitolera mobisa.

Mu Meyi 2013, Jim Yong Kim, dokotala yemwe anali mtsogoleri wa World Bank, anauza msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva kuti ngakhale kandalama kochepa kamalepheretsa osauka kupeza chithandizo, ndipo kuwalipiritsa n'kupanda chilungamo komanso n'kosafunika. Panali patapita zaka 26 chitulutsireni banki yomweyo lipoti lija lolimbikitsa zolipiritsa.

Funso la kumene ndalama zichokere silinayankhidwebe mokwanira. Ghana inakhazikitsa inshuwalansi ya boma mu 2003, Rwanda inalimbikitsa inshuwalansi za m'midzi, Thailand inasankha kulipira kuchokera ku msonkho. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu Epulo 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma omwe anakwaniritsa ndi owerengeka, ndipo m'mayiko ambiri mpata wotsalawo unkatsekedwa ndi thandizo lakunja, makamaka pa Edzi, malungo ndi chifuwa chachikulu. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa chaka chomwecho. Nduna za zachuma zomwe zili kale ndi ngongole zambiri zayambanso kufunafuna kopeza ndalama za mankhwala, monga momwe zinalili pomwe nduna zija zinkapita ku Bamako.