Kusaka Lode Runner wa makompyuta akale

Munthu akandifunsa komwe angapeze Lode Runner wakale uja, ndimayamba ndamufunsa kuti ankasewera pa makina ati, chifukwa masewerawa sanatuluke mofanana paliponse.

Anawalemba ndi Doug Smith, ndipo kampani ya Broderbund inawatulutsa mu 1983 pa Apple II, ali ndi magawo 150. Kamunthu kanu kamatolera golide, kukwera makwerero ndi kulendewera pazitsulo, alonda ali pambuyo. Kudumpha sikatha. Chomwe kamadalira ndi kukumba dzenje kumanzere kapena kumanja. Mlonda akagweramo mumadutsa pamutu pake, koma mukagweramo nokha n'kusowa potulukira, njerwa imabwerera n'kukukwirirani pomwepo.

Masewerawa anafikanso pa Commodore 64, Atari, VIC-20 ndi IBM PC, ndipo ku Britain a Software Projects anawaika pa ZX Spectrum. A pa Famicom, makina a masewera a Nintendo, omwe kampani ya Hudson Soft inatulutsa ku Japan mu 1984, ndi osiyana kwambiri: magawo ndi 50, tianthu ndi tikulutikulu moti bwalo lonse silikwana pasikirini, limachita kusuntha. Kwa ine pamenepa panatayika kanthu, poti kukoma kwa Lode Runner ndi kuona alonda onse nthawi imodzi n'kuwakonzera msampha.

Mukadziwa makina anu, yang'anani kumapeto kwa dzina la fayilo. Ya .dsk ya Apple II imatseguka ndi AppleWin, ya .d64 ndi ya Commodore 64 ndipo imafuna VICE, pomwe .tap kapena .tzx ndi kaseti ya Spectrum, ya pa Fuse. Mapulogalamu atatuwa ndi aulere, ntchito yawo ndi kutsanzira kompyuta yakale mkati mwa yanu. Pa webusaiti ya Internet Archive mukhozanso kusewera osaika chilichonse. Chenjerani ndi Championship Lode Runner wa 1984, magawo ake 50 anawakonzera akatswiri.

Amene muli ndi disiki yeniyeni ya mainchesi 5.25, chonde musaithamangitsire m'makina. Zunguzani pang'onopang'ono mbale yamkatiyo mukuyang'ana pa kazenera kake. Mukaona timadontho toyera, ndi nkhungu, ndipo imadetsa kachipangizo kowerengera disiki m'makinamo n'kukanda disikiyo. Iyeretsedwe kaye, kenako ikoperedwe. Ndimadera nkhawa kwambiri madisiki olembedwa pamanja, chifukwa masewerawa ankalola munthu kupanga magawo ake n'kuwasunga padera, ndipo kawirikawiri magawo oterowo amakhala pa disiki imodzi yokhayo.