Mapilisi a biotin sawonjezera magazi, ndatopa kubwereza

Wina wanditumizira chithunzi cha botolo la mapilisi a biotin, vitamini yemwe anthu amamwera tsitsi ndi zikhadabo, pa WhatsApp usiku wathawu, eti achimwene awawa akuti amawonjezera magazi, ndigule? Ndinangoyankha kuti ayi kenako tulo tinandithawa, chifukwa funso limeneli ndalimva mpaka latopetsa. Ntchito yanga ndi ya mu labu konkuno ku Mzuzu, tsiku lililonse ndimakhalira kuyang'ana magazi a anthu, ndiye ndikamaona mabotolo a biotin atadzaza m'masaluni, pa masitetasi, ndi m'zikwama za aja amayenda ofesi ndi ofesi kugulitsa pa ngongole ya pakutha pa mwezi, mtima umandiwawa ndithu.

Mnyamata wina wogulitsa anafika pondiuza kuti bwana inu simukudziwa, pali kafukufuku wa ku America wa biotin ndi maselo ofiira a magazi. Kafukufukuyo alipodi, sananame pamenepo, koma sanamuwerenge. Amene anagwira kwambiri ntchito imeneyi ndi Donald Mock wa pa University of Arkansas for Medical Sciences ku Little Rock, ndi anzake. Iwo amatenga timagazi pang'ono, n'kumata biotin kunja kwa maselo ofiira, n'kuwabwezera m'thupi, kenako pakapita masiku amatenganso kadontho kuwerenga kuti maselo omatidwa aja atsala angati. Kumudzi mukagula nkhuku yatsopano mumaimanga kansalu pa mwendo kuti muziizindikira ikasakanikirana ndi za aneba, kodi kansaluko ndiye kamanenepetsa nkhuku? Biotin pamenepa ndi kansalu basi. Njirayi inathandiza kuyeza kuti maselo akukhala nthawi yaitali bwanji ngakhale mwa tiana tobadwa masiku osakwana, toti simungatibaye zinthu za radiation ngati momwe ankachitira kale kwa akuluakulu. Selo lofiira la munthu wabwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, la wodwala sickle cell limatha pa masiku 10 mpaka 20. Zimene amafufuza ndi zimenezo, osati kuti munthu ameze mapilisi magazi achuluke.

Ndipo Mock yemweyo akafuna kuti anthu odzipereka pa kafukufuku achepekedwe biotin m'thupi mwadala, mukudziwa amawadyetsa chani? Choyera cha dzira chosaphika. Muli kanthu kotchedwa avidin kamene kamagwira biotin mwamphamvu moti thupi silingamutengenso, amangodutsa. Zimenezi zinadziwika kalekale, mu 1927 Margaret Boas anaona makoswe odyetsedwa choyera cha dzira akuthothoka ubweya khungu likuchita zilonda. Ndiye taganizani munthu akumwa mazira aawisi awiri mu mkaka m'mawa uliwonse kuti awonjezere magazi, madzulo akumeza biotin wa tsitsi, dzanja ili likupereka ili likulanda. Phikani dziralo abale, moto umapha mphamvu ya avidin ndipo mumapewanso matenda otsegula m'mimba.

Biotin ndi vitamini B7, thupi limamufunadi posandutsa chakudya kukhala mphamvu, koma munthu wamkulu amangofunika ma microgram 30 pa tsiku, woyamwitsa 35. Mtedza, soya, chiwindi, dzira lophika, mbatata, zomwe zili mbwee mu msika wa Mzuzu, zimakwanira. Botolo lija lalembedwa ma microgram 10,000. Kupitirira ka 300 zomwe mukufuna, ndipo zotsalazo mumakazisiya ku chimbudzi ndi mkodzo, ndalama zanu zomwe. Pali anthu ochepa omwe amachepekedwadi, ana obadwa ndi vuto loti thupi silitha kumugwiritsa ntchito bwino, omwa mankhwala ena a khunyu kwa nthawi yaitali, zidakwa, komanso kafukufuku wa Mock anaonetsa kuti amayi ena oyembekezera amatsikirako pang'ono. Koma amenewo ndi a kuchipatala, si nkhani yokamalizira ku saluni.

Amene amandisowetsa mtendere mpaka pano ndi mayi wina wa ku Chibavi, wogulitsa kaunjika, wazaka za m'ma 30. Anayamba kutopa, kukwera kamtunda pang'ono mtima uli thi thi thi, tsitsi likutsalira mu chipeso. Poti chooneka ndi maso chinali tsitsi, kosongoletsa anamuuza kuti ndi biotin ameneyo asisi, mwezi umodzi muona kusintha. Anamwa botolo loyamba, lachiwiri, kuwonjezera chidede, madzi a masamba a mapeyala, tomato wa m'chitini wosakaniza ndi Coca-Cola, zonse zomwe anthu amauzana mu minibasi. Miyezi inapita. Tsiku lomwe anabwera anachita kumugwirira mchemwali wake, atatambasula dzanja kuti nditenge magazi chikhatho chinali mbuu ngati wagwira ufa, ndipo magaziwo polowa mu kabotolo ankaoneka ngati Sobo wothira madzi ambiri. Hb, nambala yomwe timaonera ngati magazi achepa, inatuluka 5. Mzimayi amene sali woyembekezera amayenera kukhala pa 12 kupita m'mwamba. Ndinabwereza kuyeza poganiza kuti mwina makina andinamiza. Atamufunsa bwino adokotala, zinapezeka kuti wakhala akutaya magazi ambiri kumwezi kwa nthawi yaitali chifukwa cha zotupa za m'chiberekero, iye ankangoti ndi mmene ndinabadwira. Anamuika magazi, anachira, koma mawu omwe anandiuza atakhala pa benchi paja sandichoka, akuti koma bambo ndimamwatu mankhwala tsiku lililonse osadumphitsa. Sanali wosasamala ayi, anali wokhulupirika kwambiri ku chinthu cholakwika, ndipo amene anamugulitsa ndikukhulupirira akugulitsabe.

Magazi akachepa pamakhala chifukwa, ndipo chifukwacho ndiye timasaka. Malungo amaphwanya maselo. Njoka za m'mimba zimayamwa. Likodzo, makamaka inu okonda kukasambira kunyanja ku Nkhata Bay, limatulutsa magazi mu mkodzo pang'onopang'ono osazindikira. Kuchepa kwa ayironi, folic acid kapena B12, mimba zotsatizana, zilonda za m'mimba, HIV, sickle cell, nthawi zina khansa. Pa zonsezi palibe pomwe biotin akulowa. Chodabwitsa n'choti mapilisi a ayironi omwe amaperekedwa ulere ku sikelo anthu amataya eti amanunkha, amachititsa nseru, chimbudzi chimada, koma botolo lokongola la zilembo zachingerezi amaligula mosanenerera.

Tsopano mbali yomwe imatikhudza ife a mu labu. Makina ena oyezera zinthu za m'magazi amagwiritsa ntchito biotin yemweyo ndi kanthu kena kofanana ndi avidin kotchedwa streptavidin kuti agwire chomwe akufuna kuyeza. Magazi anu akabwera atadzaza kale biotin wa mapilisi, amakatseka malo onse, makina n'kutulutsa nambala yabodza ndipo sachenjeza, pepala limatuluka laukhondo bwinobwino. Poyeza chithokomiro timayang'ana zinthu za m'magazi zotchedwa TSH ndi T4, ndiye TSH imatha kuoneka yotsika, T4 yokwera, munthu n'kupatsidwa mankhwala a matenda omwe alibe. Choopsa kwambiri ndi troponin, yomwe timayeza tikamakayikira kuti mtima wavulala, imatha kuoneka yotsika pomwe munthu ali pangozi. Bungwe la FDA loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America linachenjeza za izi mu 2017, litalandira lipoti la munthu yemwe anamwalira troponin itaoneka yotsika mwabodza, n'kubwerezanso chenjezolo mu 2019. Hb ndi kuwerenga maselo sizisokonekera, koma si inu oti muzisankha kuti iyi ikhudzidwa iyi ayi.

Vuto n'loti tikafunsa kuti mukumwa mankhwala aliwonse, yankho limakhala ayi, chifukwa m'mutu mwa anthu za tsitsi ndi zikhadabo si mankhwala. Ena amachita manyazi, ena sadziwa n'komwe kuti mu tija totafuna tokoma ngati switi muli biotin. Nenani basi, palibe akukalipireni, chabwino ine mwina ndingang'ung'udze pang'ono. Ngati si zadzidzidzi adokotala akuuzani kuti musiye kaye masiku awiri kapena atatu musanayezetse, koma ngati chifuwa chikuwawa kapena mukubanika musadikire masiku amenewo, bwerani pompo ndipo botololo muliponye mu chikwama tidzawerenge tokha zomwe zalembedwa kumbuyo.