Kumukweza kasitomala pa katundu wodula, malire ake ali pati?

Ndagulitsa zinthu za sola ku Old Town ku Lilongwe kwa zaka zambiri, ndinayambira pa kauntala, pano ndimaphunzitsa anyamata ndi atsikana amene akulowa kumene ntchito yogulitsa. Funso limene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, munthu akabwera kudzagula chinthu chotchipa ine nkumuuza kuti atenge chodulirapo, kodi ndikumubera? Kumaphunziro a zamalonda amati upselling, ife pashopu timangoti kumukweza kasitomala. Kukweza pakokha si kulakwa ayi, koma pali pamene kumasanduka kuba, ndipo wogulitsa amadziwa bwinobwino kuti apa ndadumpha malire ngakhale wogulayo sakuona kanthu.

Ndiyambe ndi kukweza kwabwino poti anthu ambiri amaganiza kuti kulibe. Batire ya 12V 100Ah papepala imasunga ma watt-hour 1,200, koma ikakhala ya gel kapena ija ya asidi simuyenera kuyimwa kupyola theka, mukamayipopa mpaka pansi tsiku ndi tsiku imafa msanga, ndiye zenizeni zimene muli nazo ndi 600 basi. TV ya ma watt 60 ndi mababu anayi a LED zonse pamodzi sizifika 100, ndiye batire imeneyi ikufikitsani maola asanu kapena kuposerapo pang'ono magetsi a ESCOM akazima madzulo, nkhani mwaonera, ana awerenga, mafoni mwatchaja. Munthu amene akufuna zimenezi basi mupatseni imeneyo azipita. Koma bambo wina amabwera nkunena kuti achimwene ndipatseni ka invata kotchipa kaja (invata ndi chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM), iwe ukamufunsa kuti bambo mukalumikizako chiyani, akuti filiji ya mafilizesi amene mayi akunyumba amagulitsa ku Area 25. Apo ukangokhala chete nkulandira ndalama walakwa, chifukwa filiji ikamadzuka kompuresa yake imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene yalembedwa pa sitika, ndipo ma invata otchipa aja a modified sine wave amatenthetsa mota. Munthuyu akufunika ya pure sine wave yokulirapo, yodula inde, koma ukumupulumutsira filiji ndi bizinesi ya banja lake. Chimodzimodzi batire ya lithium, imadula kwambiri koma mumaigwiritsa ntchito pafupifupi yonse ndipo imakhalitsa, kwa munthu amene aziyimwa tsiku lililonse masamu ake amamveka, ungomuonetsa pa pepala asankhe yekha.

Kusiyana kwake kuli pa funso lija, mukalumikizako chiyani. Wogulitsa wachilungamo amafunsa kaye, winayo amayang'ana nsapato zanu ndi makiyi a galimoto kenako nkudziwa mtengo umene akutchulireni.

Ine ndinalakwapo ndipo sindimaiwala. Pashopu ina imene ndinkagwira tinali ndi tageti ya pamwezi, komishoni inkabwera pa katundu wamkulu yekha, ma kiti ang'onoang'ono sankawerengedwa nkomwe. Kunabwera mayi wina wochokera ku Kauma, ankafuna mababu atatu ndi potchajira foni kuti ana aziwerenga usiku, basi. Ma kiti otero analipo ambiri kusitolo kumbuyo, koma ine ndinawauza kuti mayi zija zatha komanso sizikhalitsa, tengani iyi yaikuluyi simudzanong'oneza bondo. Anakhala chete kanthawi, anatuluka kukaimba foni, nkubwerako ndi ndalama imene ndinadzamva pambuyo pake kuti anabwereka ku banki mkhonde. Zimene ndinawagulitsa zinali zabwino, zinkagwira ntchito, palibe amene akanandigwira ndi mlandu wa katundu wachinyengo, koma ndinanama kawiri m'chiganizo chimodzi ndipo mayiwo analowa ngongole ya chiwongola dzanja chifukwa cha mphamvu imene sankaifuna. Ndimafotokoza nkhaniyi mkalasi iliyonse chifukwa anyamata ambiri amaganiza kuti katundu akakhala wa jenuwini ndiye kuti zonse zili bwino.

Bodza lakuti zatha ndi lofala, linzake ndi kuopseza. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mawu akuti gulani lero mawa zikwera akhala nyimbo ya pa kauntala iliyonse kuyambira mu Malangalanga mpaka ku Gateway Mall. Nthawi zina ndi zoona, katundu wa sola amachokera kunja ndipo forex ndi yovuta, ngati ukudziwadi kuti mitengo yatsopano yafika muuze munthuyo. Koma kugwiritsa ntchito mantha amenewa kuti munthu asapeze mpata wokaganiza kapena kukafunsa mkazi wake, ndi kumutseka m'maso. Palinso kumuchititsa manyazi, eti bwana ngati inuyo mungatenge kameneka, mawu amenewa amagwira ntchito kwambiri makamaka bambo akabwera ndi anzake, ndipo ine ndimawaletsa.

Kwina sikukhalanso kukweza, ndi kukakamiza basi. Nthawi imene shuga ankasowa tinaona mashopu ena akunena kuti paketi ya shuga mugula pokhapokha mutengenso zina. Zotere ndi zokadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, CFTC, likulu lawo lili mu Lilongwe momwe muno ndipo amalandira madandaulo a ogula, kuphatikizapo okhudza kunamizidwa pa katundu. Kulinso CAMA, bungwe la ogula limene a John Kapito akhala akulankhulira kwa zaka zambiri. Kungoti lamulo limagwira zooneka, zija za pakamwa pakati pa anthu awiri pa kauntala umboni wake ndi wovuta, nchifukwa chake nkhaniyi imabwerera kwa ife ogulitsa.

Ndipo mabwana musamangoloza anyamata. Mukaika malipiro ochepa oti munthu sangalipire lendi ku Mchesi ndi minibasi ya tsiku lililonse, kenako nkunena kuti zotsalazo azipeza pa komishoni ya katundu wodula yekha, mwamuphunzitsa kale kunama ngakhale simunamuuze ndi pakamwa. Ndimawauza eni mashopu kuti komishoni izibwera pa chilichonse chimene chagulitsidwa, chaching'ono chomwe, ndipo katundu akabwezedwa chifukwa sanali woyenera munthuyo komishoniyo izichotsedwa. Ena amamva ena amati ndikuwawonongera bizinesi, koma tawuni ino ndi yaing'ono, amene wamupweteka lero akauza gulu lonse la WhatsApp la kutchalitchi kwawo.

Inu ogula, musanakwere minibasi yopita mtawuni lembani pa kapepala zonse zimene mukufuna kulumikiza ndi maola amene zizikhala zoyaka, ma watt ake alembedwa kumbuyo kwa TV ndi pa sitika ya filiji. Wogulitsa akakuuzani kuti mutenge chodulirapo mufunseni kuti chotchipachi chilephera pati, akuwerengereni pamaso panu, ndipo zonse zimene walonjeza, walanti ndi miyezi yake, azilembe pa lisiti musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba.